Kamakina ka Amayi Anu Sikanagwere M'chitsime

Ana anga, inu a Chimwemwe, a Dalitso ndi iwe Tiwonge chitsirizira, m'mitu yapitayi ndakhala ndikudzitama pang'ono, monga amachitira munthu wopuma ntchito akapeza kope ndi cholembera. Mutu uno ndi wina. Nonse atatu mumadziwa kuti kamakina kothandiza kumva ka amayi anu kanagwera m'chitsime cha kudimba kutatsala milungu itatu kuti Tiwonge akwatiwe. Munamva choncho kwa amayi anu, ine ndili pomwepo ndikugwedeza mutu. Lero ndikukuuzani kuti sikanagwere m'chitsime ayi. Koma kuti mumvetse mmene munthu wa imvi angachitire zimene ndinachita, ndiyambire kumene manja anga anatengera khalidwe lawo.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1970: ku nkhalango ya paini

Ndinachoka kwathu ku Dowa ndi setifiketi ya Sitandade 8 ndi jekete la malume anga, kukayamba ntchito m'nyumba yosungiramo zida za a zankhalango ku Viphya. Ntchito yanga inali yopereka zikwanje ndi mafosholo m'mawa, n'kuzilandiranso pakuweruka. Pakati pa tsiku ndinalibe chochita koma kumva kuzizira. Chipinda choyandikana nane chinali cha a Mhango, mkulu wokonza mawailesi olankhulirana amene alonda a pansanja zoonera moto ankagwiritsa ntchito. Inali ntchito yaulemu. Nyengo ya dzuwa wailesi ya pansanja ikafa, mlonda amauona utsi koma alibe womuuza, ndipo paini ukayaka sudikira kuti munthu atsike makwerero. Choncho ngakhale mabwana ankagogoda asanalowe mwa a Mhango. Ine ndinkangosuzumira pazenera.

Tsiku lina anandiitana m'Chitumbuka chawo kuti ndibwere. "Iwe mChewa, zanga kuno. Wandimalizira kuwala pazenerapo." Ndinalowa. M'dzanja langa lamanja anaikamo kanthu kagalasi kooneka ngati babu, kotalika ngati chala, nati iyi ndi valavu, ndiyo inkayendetsa mawailesi akale, ndipo inkatentha mwakuti ukhoza kuotha. M'dzanja lamanzere anaikamo kanthu kakuda kolingana ndi nyemba, ka miyendo itatu yawaya. "Iyi ndi thiranzisita," anatero. "Ntchito yake ndi yomweyo." Ine ndinakana. Ndinati akundipusitsa chifukwa ndine wobwera. Iwo anaseka mpaka kutsokomola, kenako anandifotokozera kuti kanthuko ndi kamlonda ka pachipata: magetsi ochepa akagogoda pamwendo umodzi, iko kamatsegulira magetsi ambiri kuti adutse pa miyendo inayo, ndipo ndi mmene mawu onong'ona amasandukira mawu ofuula. Ndinakayang'ana nthawi yaitali. Ndiye ndinanena mawu amene ndikuwakumbukira bwino chifukwa andichititsa manyazi kwa zaka zambiri. Ndinati, "Apa ndiye afika pomaliza. Chocheperapo kuposa apa palibe adzapange." A Mhango anavomereza kuti n'zoona. Tonse awiri tinali otsimikiza.

Anandibwereka buku lachingerezi lopanda chikuto, limene chiswe chinali chitadya masamba ake oyambirira, moti linkayambira pamene wolemba akuganiza kuti zoyamba wazimva kale. Ndinkaliwerenga ndi dikishonale ya mphunzitsi wina pambali. Chithunzi china ndinachiphunzira mwezi wathunthu ndisanazindikire kuti tsambalo linamatidwa chadodolido. Komabe pang'onopang'ono zinalowa, ndipo patapita zaka ziwiri anandichotsa ku mafosholo n'kundiika pabenchi lawo.

Lamulo la a Mhango linali limodzi, ndipo ankalinena m'Chitumbuka: "Jura uwone," kutanthauza kuti tsegula uone. Mlonda akabwera ndi wailesi n'kuyamba kufotokoza mmene yafera, iwo ankamudula. "Mbwenu, pitani, tamva." Akachoka ankanditembenukira n'kuti, "Usamataye nthawi ndi mwini wailesi, sadziwa kanthu. Tsegula." Ukatsegula umayamba wanunkhiza, pakuti thiranzisita yopsa ili ndi fungo lake. Kenako umanyowetsa chala ndi malovu n'kumakhudza imodziimodzi kuti umve yotentha mopitirira. Ukaipeza umaichotsa ndi chitsulo chowotcherera mtovu n'kuikapo ina. Mita yoyezera magetsi tinkaigwira pomalizira, pofuna kungotsimikiza. Njira imeneyi inandidyetsa zaka zoposa makumi atatu, ndipo sinandinamizepo mpaka tsiku limene ndikulilondolali.

Zaka za m'ma 1980 ndi 1990: pa Mzimba boma

A Mhango atapuma, ine anandisamutsira pa Mzimba boma, kumene bwana wanga anali a Chirwa, munthu wabwino wokonda kulemba makalata. Ankalembera kulikulu kupempha zipangizo zosinthira, kalata ina n'kutsatira inzake, koma chimene chinkabwera ndi kalatanso. Nditaona choncho ndinapeza chitini cha mkaka wa ufa, chimene mukuchidziwa chija, n'kuyamba kutolera. Wailesi iliyonse yakufa ya mphunzitsi, ya wapolisi, ya namwino wosamuka, ndinkaipempha n'kuizula mathiranzisita amoyo. A Chirwa ankati, "A Banda, mwasanduka fisi wa mawailesi," koma nsanja ikakhala chete ankabwera okha kudzagwedeza chitinicho kuti amve ngati muli kanthu.

Amayi anu ndinawadziwa chifukwa cha ntchito yomweyi. Anabwera kuchokera ku Champhira ndi wailesi ya bambo awo atakulunga m'chitenje, n'kuyamba kundifotokozera mmene inayambira kudwala. Ine, monga wophunzira wa a Mhango, ndinali nditamasula kale masikulu awiri. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Ndisanamalize n'komwe? Chabwino. Koma mukatsegula mutsekenso, a Injiniya." Dzina la Injiniya linayambira pamenepo, ndipo amayi anu NyaTembo amalitchula mwanjira yoti sudziwa ngati akukulemekeza.

M'zaka zimenezo aphunzitsi a pasukulu ina ya ana osamva kumwera kwa boma lino anamva za ine, nayamba kunditumizira timakina ta ana tikafa. Tinali timabokosi tovala pachifuwa, tokulirapo kuposa bokosi la machesi, ndi waya wopita kukhutu. M'kati munkakhala mathiranzisita anayi kapena asanu, ooneka bwinobwino, miyendo yake ili poyera. Ndinakonza tambirimbiri Loweruka ndi Loweruka. Ndikulemba izi osati podzitama, koma kuti muone pamene panachokera mtima woti za makutu ine ndimazidziwa.

Kenako zinthu zinayamba kusintha. M'mawailesi atsopano ndinayamba kupeza tinthu takuda ta miyendo yambiri ngati bongololo, tomwe amati matchipi. Anandiuza kuti m'kamodzi muli mathiranzisita ambiri omangidwa pamodzi. Sindinafunse kuti angati. Kakapsa ndinkachotsa konse n'kuikapo kena, ntchito n'kumayenda. Mafoni a m'manja atabwera ndinati izi n'za achinyamata, ndipo posakhalitsa nthawi yanga yopuma inakwana. Ndinachoka ndi ulemu wanga wonse, chifukwa ndinachoka zinthu zisanandiyalutse. Chitini ndi chitsulo chowotcherera ndinapita nazo kunyumba.

Zaka zaposachedwapa: makutu a amayi anu

Makutu a amayi anu sanatseke tsiku limodzi. Poyamba ankati tonse tayamba kulankhulira m'mphuno. Kenako anasiya kuyambitsa nyimbo kutchalitchi, ntchito imene anaigwira kuyambira ali mtsikana, chifukwa ankalowa anzawo ali kale pakati pa vesi. Alendo akabwera ankathawira kukhitchini. Inu munali kutali ndi ntchito zanu, munkangomva kuti amayi safuna kulankhula pafoni. Ine ndinkaona munthu amene ankadzaza nyumba ndi mawu akungokhala pakhonde kuyang'ana milomo ya anthu.

Tinamva kuti pachipatala china cha mishoni, cha kufupi ndi Embangweni, pali a zamakutu amene amapereka timakina. Tinalembetsa, tinadikira chaka, dzina linatuluka. Amene anatilandira anali mayi Gondwe, wa msinkhu wa Tiwonge, wodekha. Anayeza amayi anu, natulutsa kanthu kokhala kuseri kwa khutu, kolingana ndi khoko la mtedza, kokhala ndi kapaipi kopyapyala kopita ku kapulasitiki kolowa m'khutu. Atakayatsa, amayi anu anadzidzimuka n'kugwira mpando. "Nkhupulika!" anatero, kutanthauza kuti ndikumva. "Kodi chikulira n'chiyani?" Inali wotchi ya pakhoma.

Apa ndi pamene ndinalakwira koyamba, ngakhale sindinadziwe. Mayi Gondwe anatulutsa kathumba momwe munali kaburashi kakang'ono ndi kawaya kopyapyala, nayamba kufotokoza zoti tizichita nato. Amayi anu anali asanazolowere phokoso, maso ali ku wotchi, choncho womvetsera anayenera kukhala ine. Koma ine maganizo anali m'kati mwa kamakinako. Ndinawadula mayiwo n'kufunsa kuti, "Kodi mmenemu muli mathiranzisita angati?" Anamwetulira nati tikambirana tsiku lina, adada, pali anthu pamzere. Anandipatsa pepala loti ndisayine, lonena kuti sitidzakatsegula, sitidzakabwereketsa, ndipo kakavuta tidzabwera nako. Ndinasayina. Titafika kunyumba ndinayang'ana kaburashi kaja n'kuona kuti n'koyenera bwino kupukutira fumbi pamabolodi a m'kati mwa wailesi. Ndinakaponya m'chitini changa pamodzi ndi kawaya kake.

Miyezi isanu ndi itatu yotsatira nyumba inabwerera mwakale. Amayi anu anayambanso kuyambitsa nyimbo, anayambanso kundidzudzula pa zinthu zimene ndinkanena chapansipansi. Nkhani ya ukwati wa Tiwonge itapsa, anati nyimbo yolowera mkwatibwi adzaiyambitsa okha, ndipo akufuna adzamve ndi makutu awo mwana wawo akuvomera pamaso pa abusa.

M'mawa umene ndinatsegula

Kutatsala milungu itatu, kamakina kanayamba kumveka patali, kenako kanangoti zii. Tinasintha batire, osathandiza. Tinaikamo lina latsopano, chimodzimodzi. Amayi anu anakaika m'kabokosi kake pawindo nati, "Lachinayi tipite kwa mayi Gondwe. Musakakhudze, awiske Chimwemwe." Akanditchula choncho, kuti bambo a Chimwemwe m'Chitumbuka, ndiye kuti sakuseka. Anatenga khasu n'kupita kudimba.

Ndinakhala pampando kabokosiko kali pawindo. Ndinawerenga nyuzi yakale. Ndinatuluka kukaona mbuzi, zinali bwino. Ndinabwerera. Mumtima ndinkati Lachinayi ndi kutali, ulendo wake ndi wa fumbi, ndipo ine ndakonza timakina ta ana a sukulu yathunthu. Ndinati ndingoona chabe. Ndinayala nyuzi patebulo, ndinayatsa chitsulo chowotcherera, ndinavala magalasi.

Sikulu inalipo imodzi yokha, yaing'ono kuposa sikuludiraiva iliyonse imene ndili nayo, moti ndinanola nsonga ya singano yosokera matumba. Sikulu itatuluka chikuto sichinatseguke, ndiye ndinalowetsa mpeni pamsoko n'kukanula. Chinathetheka. Ndinanunkhiza, panalibe fungo. Ndinanyowetsa chala kuti ndikhudze mathiranzisita, koma munalibe thiranzisita ngakhale imodzi. Ndinatenga galasi lokulitsa zinthu. Ndinaona kapepala kopyapyala ka mtundu wa uchi, kopindidwa, ndipo pamwamba pake panali timadontho ngati mchenga ndi kanthu kamodzi kakuda kochepa kuposa njere ya mpunga, kopanda mwendo ndi umodzi womwe. Ndinatembenuza, ndinayang'ana pansi pa tebulo poganiza kuti zina zagwa. Panalibe chagwa. Zonse zinali zomwezo.

Munthu wanzeru akanalekera pomwepo. Koma ndinaona kawaya kena kopyapyala ngati tsitsi kamene kanaduka, mwina ndi mpeni wanga womwe, ndipo ndinasangalala kuti vuto ndalipeza. Ndinabweretsa chitsulo. Ana anga, chitsulo chimene chinandimvera zaka zonsezo chinaoneka ngati musi pafupi ndi kanthuko. Nditangokhudza, kapepala kaja kanafota ngati tsamba pamoto, timadontho tinasuntha, kautsi kanakwera. Tsopano fungo ndinalimva.

Amayi anu atabwera anandipeza nditakhala pomwepo. Anayang'ana nyuzi, anayang'ana mpeni, anandiyang'ana ine. Sanakalipe. Anakaika khasu kuseri kwa nyumba, nasamba m'manja nthawi yaitali. Tsiku lomwelo Chimwemwe anaimba foni, ndipo poti iwo sakanamva, anangoilanda n'kunena mokweza kuti kamakina kagwera m'chitsime potunga madzi othirira. Anabweza foni kwa ine. Ndinati, "Eya, n'zoona."

Lachinayi, kwa mayi Gondwe

Zidutswa ndinaziika mu envelopu n'kuzilowetsa m'thumba la jekete. Amayi anu sanadziwe. Pakhonde la chipatala tinapeza anthu pabenchi, ndipo wotsatira ife anali mayi wina wa ku Engutwini, wa mwana kumbuyo, amene mwamuna wake anandiuza kuti dzina lawo langotuluka kumene atadikira chaka chathunthu.

Titalowa, amayi anu anafotokoza za chitsime, mokweza monga amalankhulira munthu wosadzimva. Mayi Gondwe anapepesa. Anandiuza kuti ngozi yotere amaikhululukira kamodzi. Anati wotsegula yekha ndiye amabwerera kumapeto kwa mzere, koma ife sizikutikhudza. Anatsegula kabati. "Mwachita mwayi, adada, katsala kamodzi kokha mpaka katundu wina adzabwere mvula ikatha. Mayi ali panjawo ndiwauza adikire pang'ono, poti amama anazolowera kale, ndipo mwati pali ukwati."

Kanali patebulo, katsopano, m'pulasitiki yake. Ndikanangokhala chete kwa mphindi zisanu, amayi anu akanatuluka akumva. Ndinaganiza za nyimbo yolowera mkwatibwi. Ndinaganiza za mayi wa pabenchi, amene sanalakwe kanthu. Ndipo kuti ndinene zoona zonse, pakuti mutu uno ndi wa zoona, panalinso chinthu chachitatu chopanda ulemu: ndinkafunitsitsa kudziwa chimene chinafa m'kamakinako. Sindikudziwa kuti mwa zitatuzi n'chiti chinakankha dzanja langa. Ndinatulutsa envelopu n'kukhuthulira patebulo.

"Sikanagwere m'chitsime, mayi. Ndinatsegula ndine."

Amayi anu sanamve mawu anga, koma envelopu anaiona. Anatseka maso.

Mayi Gondwe anakokera zidutswazo pafupi. Kenako anatola, osati kapepala kopsa kaja, koma kapulasitiki kolowa m'khutu ndi kapaipi kake, mbali yokhayo imene ine sindinaiyang'ane n'komwe chifukwa munalibe magetsi. Anakayang'anitsa pawindo. Anatenga kawaya kopyapyala m'kabati, analowetsa m'kabowo, nakankha. Panatuluka kachibulumwa ka phula la m'khutu kolingana ndi mutu wa machesi. Anauzira m'kapaipi, mpweya unadutsa bwinobwino.

"Vuto linali ili, adada. Kamakina kanali kamoyo. Kaburashi ndi kawaya tinakupatsani tija tili kuti?"

Ndinkationa m'maganizo, tili m'chitini changa, pamwamba pa mathiranzisita.

Kenako ndinafunsa funso lopusa, lomwe lija. Ndinaloza kanjere kakuda n'kuti, nanga mathiranzisita ali kuti? Anati ali momwemo, mamiliyoni. Ndinati mwina sindinamve bwino, makutu anganso ayamba. Anabwereza, nawonjezera kuti m'foni imene inali m'thumba mwawo muli mabiliyoni. "Nanga imodzi ikapsa mumaisintha bwanji?" ndinafunsa. Sanaseke, ndipo ndimawathokoza mpaka lero. "Sitisintha, adada. Palibe munthu ali ndi chala cholowa mmenemo." Anabweza katsopano kaja m'kabati, nalemba dzina la amayi anu pansi pa mayina ena onse. Potuluka tinadutsana ndi mayi wa ku Engutwini akulowa.

Milungu iwiri ndi theka

Ulendo wonse wobwerera amayi anu anayang'ana pawindo la minibasi. Kunyumba ankaphika, ankandiikira madzi osamba, koma osandiyang'ana kumaso, ndipo munthu wosamva akapanda kukuyang'ana ndiye kuti watseka zonse. Tsiku lachitatu ndinawatsatira kudimba. Iwo atawerama kupatulira mpiru, ine ndinaima pambali n'kupepesa. Ndinalankhula nthawi yaitali, mawu abwino kwambiri, ena amene sindinawanenepo chikwatirane. Ndinatchula kudzikuza kwanga, ndinatchula tsiku lija la wailesi ya bambo awo. Anadzutsa mutu kamodzi, nandiyang'ana pakamwa, napitiriza ntchito. Ndinabwerera kunyumba mtima utapepuka, ngati munthu amene wachita mbali yake. Sindinafune kuganizira kuti mawuwo anatuluka mosavuta chifukwa ndinkadziwa kuti sakumveka.

Poti panalibe wolankhula naye, ndinabwerera ku chizolowezi changa chowerenga. Tiwonge anali atabwera kudzakonzekera ukwati, ndipo ndinamupempha kuti andifufuzire pafoni yake za kumene thiranzisita yafika. Ndinawerenga masiku atatu, dikishonale pambali ngati kale. Ndinapeza kuti zaka zonse zimene ine ndinkazula tinyemba tanga m'mawailesi akufa, anthu ena kutali ankachepetsa kamlonda kaja chaka ndi chaka, mpaka tsopano sikaoneka ngakhale ndi galasi la kuchipatala loonera tizilombo. Amakajambula ndi kuwala pa kachidutswa ka mwala woyengedwa kuchokera ku mchenga. Chimene chinandiimitsa mutu n'chakuti makoma ake afika popyapyala mwakuti amawerengedwa ndi maatomu, tinthu timene chilichonse chinapangidwa nato, ndipo khoma likapyapyala choncho magetsi amangodutsa ngakhale chipata chili chotseka. Akuti kuchepetsa kwayamba kuvuta kwambiri, choncho ayamba kusanjikiza, ena pamwamba pa ena, monga amachitira a m'tauni malo akachepa. Ena akuti malire ali pafupi, ena akuti njira ina ipezeka. Ndinatsala pang'ono kunena kuti apa ndiye afika pomaliza, koma ndinakumbukira kuti mawu amenewo ndinawanenapo kale, nyemba ili m'manja. Chimene ndinamvetsa n'chakuti ntchito yanga inatha kalekale, ndipo palibe anabwera kudzandiuza.

Ndinatenga chitini kuti ndikachitaye kudzala. Nditachitsegula, pamwamba panali kaburashi. Pansi pake panali mathiranzisita anga, miyendo itatu itatu, ooneka ndi maso. Ndinakhala pansi. Ndinakumbukira timabokosi ta ana a sukulu tija, ndipo ndinapeza kuti njira yake yonse ikadali m'mutu mwanga.

Zinanditengera masiku asanu. Mathiranzisita anayi a m'chitini, kotolera mawu kochokera m'kaseti yakufa, kokwezera mawu ka wailesi ya mphunzitsi wina amene anamwalira kalekale, mabatire awiri a tochi, ndi ka m'khutu ka foni ya Tiwonge. Zonsezi ndinaziika m'kabokosi ka pulasitiki kosungira sopo. Ndipo ndinachita chinthu chimene a Mhango sakanachita: ndisanakaike pakhutu la munthu, ndinakwera minibasi ndekha kukafunsa. Mayi Gondwe anakatembenuza uku ndi uku, nati zoterezi anangoziona pachithunzi kusukulu. Anakayeza ndi makina awo, nati kakhoza kuthandiza kwa kanthawi, koma kakakwezedwa mpaka kumapeto kangawononge makutu otsalawo. Anandilembera mzere ndi cholembera pofunika kulekezera. Ndinamvetsera mpaka anamaliza, sindinawadule. Nditafika kunyumba ndinamata kamtengo pamzerewo kuti kokwezerako kasapitirire.

Za paukwati mukuzidziwa, munalipo. Mukukumbukira kathumba kamene amayi anu anasokera m'kati mwa bulauzi, ndi mmene kabokosiko kanalirira mluzu azakhali a mkwati atawakumbatira. Nyimbo anaiyambitsa, ndipo Tiwonge atavomera amayi anu anandifinya bondo mpaka ndinamva kuwawa. Mvula itatha katsopano kanabwera, ndipo kaburashi amakasunga okha, pamalo amene sanandiuze.

Chimene simukuchidziwa ndi cha tsiku loyesa. Kunali masana, kutatsala masiku anayi, iwo atakhala pakhonde akusankha nyemba. Ndinaika kabokosi ka sopo pamphasa patsogolo pawo. Anakayang'ana, anandiyang'ana kumaso koyamba chichokere kuchipatala, kenako anatola ka m'khutu n'kudziika okha. Ndinayatsa. Anakwinya nkhope.

"NyaTembo," ndinatero, "mukundimva?"

"Nkhupulika," anayankha. "Ndikumva inu, ndikumva mphepo, ndikumva nkhuku za eni ake kutsidya. Phokoso lambiri chomene, a Injiniya."

"Koma mawu akumveka?"

"Akumveka."

Ndinayamba kufotokoza za mathiranzisita anayi ndi mmene ndinawalumikizira. Anakweza dzanja. Anakankhira lichero pambali, anakonza chitenje, nasendeza kabokosiko pafupi ndi mawondo anga.

"Zimenezo mudzauza ana anu. Tsiku lija kudimba milomo yanu inayenda nthawi yaitali, awiske Chimwemwe, ine osamva kanthu. Khalani pansi apa. Muyambire poyamba."